Chipale Choyamba Sichidyedwa

Ras Barda, Lebanoni
15 Novembala 1998

Okondedwa amake Jasim,

Mtendere ukhale nanu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amoyo, inu ndi ana, mayi anga, mpaka nkhosa zanu zisanu zija zimene mumazikonda kuposa ine. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija, limene limadziwa za nyengo kuposa wailesi.

Ndinafika bwino kuchokera kwathu ku Siriya ndi minibasi ya Sobhi, ngakhale munthu ameneyu amayendetsa ngati ali ndi moyo wina wosungira m'thumba. Ndamupatsira madola zana limodzi. Mugule balere wa nkhosa asanakwere mtengo, ndipo mchimwene wanga Khalaf akabwera ndi nkhani zake za pampu ya kumtsinje, mumuuze kuti zatha.

Ntchito ndi yomwe ija, kupaka girisi mawilo a chingwe ndi kumangirira mipando yokwezera alendo pamwamba pa phiri, kuti akatsetsereke pa chipale ndi matabwa awo. Koma khalani pansi kaye, pali nkhani. Mlonda wa pageti wapuma ntchito, wapita kwa ana ake ku Beirut. Dzana Bwana Tanios, mwini malo ano, anandiitana.

"Abu Jasim, uli ndi zaka zingati pano?"

"Khumi, zisanu ndi chimodzi, bwana."

"Nanga mkazi wakoyo alipodi, kapena unangomupeka kuti tizikupatsa tchuthi?"

Ndinaseka. Iwo anatulutsa kiyi n'kuyiponya patebulo. Akuti kanyumba ka pageti ndi kanga, ndikhale mlonda wa chaka chonse, ndipo ndikutengeni. Amake Jasim, ndinayitola kiyi ija ndi manja awiri. Zaka zonsezi ndakhala ndikugona pa bedi losanjikizana ndi amuna asanu ndi awiri onunkha masokosi, kukuonani miyezi iwiri pa chaka ngati mlendo. Kanyumbako kali ndi zipinda ziwiri ndi mbaula ya dizilo. Zenera limodzi ndi losweka, ndikonza. Jasim wakula, aziyang'anira agogo ake ndi munda. Inu mubwere mu Malichi, msewu ukamayera.

Munditumizire botolo la manyuchi anu a kanjedza. Ndikufuna mudzalawe bakisama, chipale chija ndimakuuzani kuti timatapa m'mbale n'kuthira manyuchi. Mumati ndimakunamizani, munthu sangadye mvula ndi supuni. Mudzaona. Koma pali lamulo, anandiphunzitsa malemu Mayi Warde, amake a bwana, chaka changa choyamba, ndipo anandiphunzitsa ndi chikombe padzanja: chipale choyamba kugwa sichidyedwa, chimenecho chimatsuka fumbi ndi utsi wa kumwamba. Chodyedwa ndi chachiwiri.

Malipiro a mwezi uno atipatsa theka. Akuti alendo akayamba kubwera akwaniritsa.

Ndine wanu,
Hammud, bambo a Jasim


27 Disembala 1998

Okondedwa amake Jasim,

Moni wa Ramadani kwa nonse. Ndamva kwa Sobhi kuti mayi akutsokomola, muwagulire mankhwala aja a m'botolo lofiira, asakanize za mtengo. Ine ndili bwino, kusala kuno sikuvuta, tsiku ndi lalifupi ndipo ntchito palibe.

Inde, palibe. Chipale sichinagwe. Phiri lili dazi lokhalokha ngati mutu wa Khalaf. Khirisimasi yadutsa, nthawi imene magalimoto amafika mpaka kumunsi kwa tchalitchi, koma chaka chino kunabwera banja limodzi, anamwa khofi, anajambula mbuzi, n'kubwerera. Mansur, mnzanga woyendetsa chigalimoto chosalaza chipale, tsiku lililonse amachiliza, kuchipukuta, n'kuchizimitsa. Akuti, "Abu Jasim, iwe ndiwe wa kuchipululu, wabwera ndi dzuwa la kwanu m'chikwama. Tsegula tione!" Ndinamuuza kuti mphuno yake ndi imene ikutchinga mitambo.

Botolo lafika, mwalimanga bwino ndi nsalu. Ndaliika pawindo la kanyumba kathu, ndipo sinditsegula mpaka mutabwera. Zenera ndakonza, galasi landidya malira, ndalama za kuno, zikwi khumi ndi zisanu, akuba enieni anthu a kuno. Makoma ndapaka laimu kawiri. Madzulo ndikamasula swaumu, kusala kwathu kuja, ndimakhala m'menemo ndekha, ndikuganiza poti tidzayike chiyani pati.

Bwana Tanios achepa thupi. Lachisanu anandipeza ndikuchokera kopemphera, anandigwira mkono. "Ife tayatsa makandulo kwa oyera mtima onse, palibe chachitika. Tauzako Mulungu m'chinenero chako, mwina watopa ndi mawu athu." Anaseka, koma maso sanaseke. Mwana wawo Fadi wabwera kuchokera ku Beirut ndi anthu awiri ovala masuti, anatsekerana mu ofesi tsiku lonse. Mayi wophika akuti ndi a kubanki. Ine sindifunsa, za eni ake.

Sindinatumize kanthu ulendo uno. Musadandaule, ndi za kanthawi.

Wanu,
Hammud


24 Januwale 1999

Okondedwa amake Jasim,

Idi yabwino, ngakhale moni wafika mochedwa. Ndakondwa kuti mayi apeza bwino. Ine ndili bwino.

Chinagwa! Tsiku lachiwiri la Idi tinadzuka kunja kuli mbee. Mansur anathamanga ndi kabudula wamkati, mwamuna wa zidzukulu, akukuwa ngati wapenga. Koma chinali chochepa, chongofika m'kakolo, ndipo patatha masiku atatu dzuwa linachinyambita chonse. Chatsala m'maenje a kumtunda kokha, kumene dzuwa silifika.

Tsopano mverani bwino. Bwana Tanios anatisonkhanitsa tonse m'chipinda chodyera. Anayamba kulankhula, koma anamaliza ndi Fadi. Madzi afika m'khosi, malo ano akugulitsidwa. Bambo awo a bwana ndi amene anamanga chingwe choyamba pano ndi abulu, lero zafika apa. Ndinamva chisoni, amake Jasim, sindinathe kuwayang'ana kumaso.

Ogula alipo awiri. Ena ndi kampani yoswa miyala ya kwale, amene akudya kale phiri la kuseri kuja mpaka latsala ngati dzino lobooka. Amenewo sakufuna hotela kapena mipando, akufuna mwala basi. Wina ndi Bwana Najib, mwana wa mudzi uno amene anapita ku Abidjan ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, n'kulemera ndi masitolo a nsalu. Iyeyu akufuna malo akhale monga alili, antchito onse atsale. Ndinafunsa za kanyumba. Fadi anati, "Najib akagula, kanyumba ndi kako mpaka udzafere momwemo." Mtengo amvana kale pa telefoni. Mkuluyo akungofuna kudzaona ndi maso pa 13 Febuluwale, kenako asaine.

Ndiye ine ndikuti zatheka. Munthu sangachoke ku Abidjan kudzangoyang'ana. Gulitsani nkhosa tsopano, chilala chisanaziondetse. Ndikudziwa kuti Hamra, ya nkhope yofiira ija, munayilera ndi botolo, ndipo mukamawerenga apa mwakwinya kale nkhope. Koma kuno simungabwere nazo, ndipo Khalaf mukamusiyira adzazidya imodziimodzi n'kumati inalumidwa ndi njoka. Ndalama zake mugulire thonje, musoke zofunda ziwiri zochindikala, mugulenso nsapato zotseka. Kuno kuzizira sikuseka ndi munthu.

Wanu,
Hammud


10 Febuluwale 1999

Amake Jasim,

Moni nonse. Ndili moyo. Mukhululuke zolemba zokhotakhota, zala ziwiri za kumanja zatupa pang'ono, si kanthu.

Kumwamba kuli gwa, ngakhale kamtambo. Fadi akuti munthu wobwera kudzagula phiri la chipale sangapeze miyala ndi minga. Ndiye kwa masiku asanu ndi anayi takhala tikukwera kumaenje a kumtunda, kukumba chipale chotsalira chija ndi mafosholo, kuchitsitsa ndi abulu mpaka pamsewu, kuchikweza pa lole, kudzachimwaza pamalo otsetsereka a kutsogolo kwa hotela mpaka pageti. Mansur amapita pamwamba ndi chigalimoto chake kusalaza. Amuna makumi awiri, ngakhale wophika ndi mlembi wa mu ofesi agwira fosholo. Bulu mmodzi anathyoka mwendo. Ine ndinagwa kamodzi, koma zimenezo ndidzakuuzani pakamwa.

Kunena zoona, kukongola kwake! Ukaima pakhonde la hotela n'kuyang'ana kutsogolo kokha, ungalumbire kuti ndi chaka chabwino. Fadi wakonza kuti mlendo adzafike ndi msewu wa kumpoto, ndipo waitana abale ake adzatsetsereke tsiku limenelo ngati alendo. Watichenjeza kuti aliyense atseke pakamwa. Bwana Tanios sanatuluke m'nyumba masiku onsewa.

Mtima wanga sukukhazikika. Ndinamuuza Mansur, iye akuti, "Bodza lili pati? Chipale si cha phiri lomweli? Tangochisuntha. Mkazi wako akadzola wanja wakuda m'zikope ndiye kuti wakunamiza?" Mwina akunena zoona. Ine ndingotsegula geti n'kuwerama, zina si zanga.

Mundipempherere Loweruka.

Hammud


15 Febuluwale 1999

Amake Jasim,

Moni. Thupi lili bwino.

Ngati nkhosa simunagulitse, musagulitse. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukatopa ndi kuwerenga mukhale mutazimva.

Bwana Najib anabwera. Ndinkayembekezera chimunthu cha mimba ndi mphete, koma ndi kankhalamba kakang'ono ka ndodo, kovala majasi awiri. Atatsika galimoto pageti anaima n'kuyang'ana phiri, misozi mbwee. Anati zaka makumi asanu sanaponde chipale. Anazungulira hotela, anakwera mpando mpaka pakati, anaseka ndi ana, zonse zinayenda monga Fadi anafunira. Mapepala anali okonzeka patebulo, nkhosa yowotcha ili pamoto.

Asanalowe kukadya anati akufuna kuona pamene panali khola la agogo ake, pafupi ndi geti. Anabwera ndi Fadi ndi Bwana Tanios. Ndipo anaona botolo lanu pawindo.

"Amwene, amenewo ndi manyuchi?"

"Eya bwana, a kanjedza, anapanga ndi mayi a kunyumba."

"Mayo ine, bakisama! Tandipatsa mbale, fulumira. Ku Abidjan ndinayesa ndi madzi oundana a mufiriji, zinali ngati kutafuna galasi."

Ndinamupatsa mbale. Ndinali wokonzeka ngakhale kutsegula botolo lanu, mundikhululukire. Anagwada yekha, ndi maondo ake okalambawo, n'kutapa chipale cha pambali pa khomo. Amake Jasim, sindinaganize. Ndikulumbira pa ana athu, za lole ndi abulu sizinali m'mutu mwanga n'komwe. Ndinangoona munthu wamkulu akufuna kudya chosadyedwa, dzanja langa linapita lokha n'kumugwira pamkono, monga anandiletsera Mayi Warde.

"Ayi bwana, ichi ndi choyamba. Dikirani chachiwiri."

Anaseka. "Ha! Msiriya akundikumbutsa mwambo wa amayi anga!" Kenako kuseka kunatha pang'onopang'ono. "Choyamba? Mu Febuluwale?"

Anayang'ana m'mbale, anafukula ndi chala. Munali kaudzu kouma ndi ndowe ya bulu.

"Fadi, pa telefoni unati chagwa kasanu." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe bambo, chagwa kangati chaka chino?"

Fadi anandiyang'ana ndi diso loti ndikanakhala nkhuku ndikanafa. Koma munthu wakufunsa maso ndi maso, dzanja lako lili pamkono pake, ungatani?

"Kamodzi, bwana."

Sanakalipe. Anakhuthula mbale bwinobwino, anandibwezera, n'kunena kuti, "Chaka choipa ndikanachimvetsa, Tanios. Ndine mwana wa phiri lino, ndikudziwa kuti zimachitika." Bwana Tanios anangoweramitsa mutu. Mlendo sanadye. Ndinamutsegulira geti ndi manja anga omwewa.

Chichokereni mlendoyo palibe akundilankhula. Pa chakudya ndikakhala pa benchi, anthu amasunthira uko. Amuna makumi awiri, aliyense ndi ana ake, ndipo ndawaphera ntchito ndi mawu asanu. Musandifunse ngati ndinalakwa, sindikudziwa. Pakamwa panga pandipweteketsa.

Sobhi sanaoneke sabata ino, akuti minibasi yafa ku Homs. Kalatayi idikira.

Hammud


7 Malichi 1999

Okondedwa amake Jasim,

Mtendere ukhale nanu nonse. Zala zapola, chikhadabo chimodzi chokha chachoka.

Sobhi wafika dzulo ndi kalata yanu, yanga ija ili m'thumba mwangabe. Ndikutumiza zonse ziwiri pamodzi, muyambe ndi yakaleyo. Ndawerenga yanu katatu. Mwagulitsa zonse zisanu, ndi Hamra yemwe, pamtengo wa chilala. Mukuti munamuperekeza mpaka pamsewu ndipo ankatembenuka. Mukuti zofunda mwasoka, uvuni wanu wa mkate mwapatsa mkazi wa Khalaf, akazi a m'mudzi anakuchitirani kale phwando lotsanzikana. Ndipo mukufunsa ngati nsapato zakuda zili bwino kapena mugule zofiirira. Ndinalira, amake Jasim. Ndinakhala pa bedi la m'kanyumba n'kulira ngati mwana. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ine ndinakugulitsitsani nkhosa chifukwa cha fodya wa pachala.

Bwana asaina ndi a kwale Lachitatu lapitali. Adzatenga malo pa 5 Epulo. Kapitawo wawo anabwera kudzayeza msewu, akuti geti ndi lopapatiza, malole awo sangadutse, kanyumba kagwetsedwa poyamba penipeni. Ulonda akuti andipatsa ndikafuna, koma alonda awo amagona m'chikontena, anayi anayi. Akazi saloledwa. Ndinamufunsa za laimu amene ndinapaka kawiri, anandiyang'ana ngati wamisala. Sindinayankhe za ntchitoyo.

Lachinayi Bwana Tanios anabwera pageti wapansi. Ndinaimirira, ndinati lero ndiye ndimva zonse. Anakhala pa mpando wanga, anapempha tiyi.

"Bwana, ndinakulakwirani."

"Khala pansi, Abu Jasim. Amayi anga akanakhalapo akanamumenya ndi chikombe Najib uja, kenako Fadi, kenako ine. Iwe unangomugwira." Anamwa tiyi. "Masiku asanu ndi anayi aja ndinkakuonerani pawindo mukusenza phiri langa ngati akuba. Ndikanatuluka n'kukuletsani. Sindinatuluke. Ndiye usadzitengere katundu yense, wina ndi wanga."

Mansur nayenso wayamba kundilankhula, ngati kumeneko n'kulankhula. Anandiponyera mkate patebulo n'kunena kuti, "Idya, Shehe Choonadi. Koma uyambe wafunsa ngati ndi woyamba kapena wachiwiri." Anthu anaseka, ngakhale amene sanafune. Iye akupita kukayendetsa thirakitala kwa mlamu wake ku Zahle. Ena sakudziwa kolowera.

Zofunda musunge. Anthu akakufunsani, muwauze kuti ulendo wachedwa, zina ndidzayankha ndekha ndikabwera. Ndatumiza madola makumi atatu, ndi zimene zilipo.

Wanu,
Hammud


19 Malichi 1999

Fawza,

Moni mkazi wanga, ndili bwino, onse uwapatse moni, ndilibe nthawi. Sobhi akudikira kumunsi kwa tchalitchi chifukwa minibasi singakwere, ndipo akuliza hutala ngati kwabadwa mwana.

Chagwa. Chinayamba Lachiwiri masana, chasiya lero m'mawa. Masiku atatu, Fawza! Chafika m'chiuno, pena m'chifuwa, chitseko cha kanyumba ndachita kufukula. Zaka zonse ndakhala kuno sindinaone chotere mu Malichi. Milungu iwiri chisainireni. Mansur anaima panja n'kuloza kumwamba, mawu amene ananena sindingawalembe m'kalata yopita kwa mkazi. Bwana Tanios anangoseka mpaka kutsokomola, kenako analowa m'nyumba.

Anthu onse adya bakisama dzulo ndi manyuchi a mphesa a kukhitchini. Ine ndinakana. Bwana anandifunsa chifukwa, ndinawaonetsa botolo lako pawindo, nsalu yake ili chimangire. Iwo anati, "Mpaka pa 5 Epulo geti ili ndi langa, ndipo kiyi ndinakupatsa ine. Ukudikira chiyani, chitsiru iwe?"

Ndiye tamvera. Sobhi abwerera kuno Lachinayi pa 25. Ukwere naye. Tenga chitupa chako, zofunda zonse ziwiri, uvale nsapato zakuda zomwezo, zili bwino. Ukhale mpando wa kumbuyo kwa dalaivala ndipo usayang'ane kuphompho. Mansur adzakutenga pa tchalitchi ndi chigalimoto chake, walonjeza kuti asamba ndipo satukwana. Bwana akuti dizilo wotsala mu thanki sasiyira anthu a kwale, adzayendetsa chingwe tsiku limodzi lomaliza, ndipo mpando woyamba ndi wako ndi ine. Ukachita mantha udzatseke maso, ndidzakugwira.

Ndinakulonjeza nyumba ya moyo wonse, ndikukupatsa ya masiku khumi. Ndikudziwa. Pambuyo pake tidzabwerera limodzi ndi Sobhi, ndipo za mawa sindikuzidziwa, kaya kulima thonje kwathu, kaya chikontena cha a kwale. Udzandikalipire za Hamra pamaso, ndi mawu ako onse, ndidzamvera osayankha. Koma udzandikalipire kuno, mbaula ikuyaka.

Usanene kuti nanga pakhomo. Jasim alipo, mayi achira, ndipo nkhosa zoti zikuchedwetse palibe, ndinaonetsetsa ndekha.

Ndakutira chipale cha kuseri kwa kanyumba ndi chinsalu choyera kuti pasaponde munthu kapena bulu. Ubwere ndi supuni ziwiri, kuno ndili ndi imodzi. Ichi ndi chachiwiri, Fawza, chimadyedwa.

Mwamuna wako,
Hammud